Makina Amene a Chikopa Ankati Anapsa

Lero chatha chaka chiwaikire m'manda a Chikopa. Ine sindine wolemba. Ndine Simwaka, ndimakonza mawailesi, matochi ndi machaja a foni pamsika wa Chitipa. Anthu amangonditchula Fundi. Ndikulemba chifukwa pali kanthu kamene ndinawasungira, ndipo nthawi yosungira yatha.

A Chikopa kwawo kunali ku Ntcheu. Anabwera kuno akugulitsa kaunjika, anakwatira mayi wa ku Misuku, a Namsukwa, osabwereranso. Chitumbuka ankachimva bwinobwino koma ankayankha m'Chichewa. Ukawapatsa moni wa kuno, kuti mwaghona, ankayamba ayang'ana chimene wanyamula m'manja, kenako n'kuyankha. Kanyumba kawo ka magemu kanagundana ndi benchi langa. Pakati pathu panali khoma la matabwa basi. Zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikumva chifuwa chawo kudzera m'mipata ya khomalo.

Sankakhulupirira munthu. Ndiyambe ndi zimenezo. Wailesi yawo ikafa, asanandipatse ankaitsegula okha n'kudontheza kyutekisi wofiira, uja wopaka zikhadabo, pa kachipangizo kalikonse ka m'kati. Ndikaikonza ankaitsegulanso ine ndili pomwepo, n'kuyang'ana madontho aja limodzi limodzi. Ankati mafundi tonse timachotsa za orijino n'kuikamo feki wa ku Tunduma. Zaka ziwiri zoyamba zinkandipsetsa mtima. Kenako ndinazolowera. Kyutekisiyo anali wa akazi awo.

Ndiwo anayamba kubweretsa gemu ya pa tivi pamsika pano. Makina ake anali apulasitiki, otuwa, kukula kwake ngati Baibulo la pa guwa. Pamwamba pankalowa kaseti yachikasu. Panali zogwirira ziwiri zamawaya, zimene ana amati mapadi. Poyamba ankayatsira batire la galimoto. Magetsi atafika kumsika anagula adaputa, ndipo adaputayo ikatentha ankaigoneka pa chiguduli chonyowa. Ndinawauza kuti tsiku lina adzapsa nayo. Anati ndikufuna adaputayo iwonongeke msanga kuti ndiwagulitse ina.

Mwana asanagwire padi ankayamba waonetsa manja, kuseri ndi kutsogolo. Wa mafuta a zitumbuwa ankabwezedwa. Kaseti ikakana kuyaka ankaitulutsa, kuiuzira katatu, kuigogoda pabondo kamodzi, n'kuibwezeramo. Wina aliyense sankaloledwa kuuzira. Ankati mpweya wa ana uli ndi malovu.

Matenda amene anawatenga anali a mtima. Anagona m'chipatala masabata awiri, mwezi wa Juni, mphepo ya ku Mafinga ili pachimake. Nditapita kukawaona anandifunsa ngati loko wa pa kanyumba kawo akadali yemwe uja. Ndinati inde. Anati ndikayang'anenso, pansi pake pali dontho lofiira. Za thupi lawo sananene kanthu. Tinakawaika ku Misuku, pafupi ndi akazi awo.

A Namsukwa ankagulitsa nthochi ndi khofi pakhomo pa kanyumba kaja. Anali mayi wamfupi, wosachedwa kuseka. Cha m'ma leveni, ana ali kusukulu, msika utazizira, ankakokera dengu lawo m'kati, chitseko n'kuchitseka theka. Awiriwo ankakhala pa benchi la ana n'kuyatsa gemu ya akasinja. Gemuyo inali chonchi: m'munsi mwa tivi muli kanyumba ka njerwa, adani akutsika kuchokera kumtunda, akakaphwanya gemu yatha. A Chikopa ankathamangira kutsogolo kukamenya. Mayi ankatsala kulondera kanyumbako. Ine ndinkamva zonse ndili ndi sikuludiraiva m'manja.

"Awiske Tiya, bwererani, akulowera kumanzere."

"Gwirani nyumba inu, make Tiya, musandione ine."

"Nyumba ndagwira. Inu mwafa kale kawiri."

Awiske ndi mawu a kuno, ndiye kuti bambo ake. Tiya ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiyanjane. Nthawi imeneyo anali wa pulayimale. Lero ndi mphunzitsi ku Kaseye.

Mayi atamwalira, makina aja anagwirabe ntchito miyezi ingapo, ana akusewera. Tsiku lina ndinangoona akulungidwa m'chitenje, ali pa shelefu ya pamwamba. A Chikopa anati magetsi anabwera ndi mphamvu, makina apsa. Ndinati abweretse ndione. Anati, "Kuti muchotsemo chiyani?" Nkhani inathera pomwepo. Anagula ena ogwiritsidwapo kale ntchito, a madisiki, kuti ana asathawe. Iwo sanawagwirepo n'kamodzi komwe. Ankangoyatsa n'kukhala panja, msana atalozetsa ku tivi.

Kuyambira pamenepo m'pamene anayamba kulalikira za magemu akale.

Ankati gemu yakale inali yachilungamo. Inkakupatsa miyoyo itatu, ikatha ukayambire pachiyambi, ngati mmene umabzaliranso mvula ikakokolola munda. Sinkakunyengerera. Zatsopanozi, ankatero, zimakudzutsa pomwe wagwera, n'kukulozera njira ndi muvi, n'kukuyamika usanachite kanthu. Munthu wokuyamika usanachite kanthu ali ndi chimene akufuna. Magemu a pafoni ankadana nawo koposa. Ankati chinthu chimene akuti n'chaulere koma chikudya bandulo ndi mbava yovala jekete. Ankakhulupiriranso kuti amamvetsera zimene anthu akulankhula m'nyumba. Mlendo akalowa akusewera pafoni, iwo ankasiya nkhani pakati.

Pa kaseti yachikasu ija panali pepala lolembedwa 9999. Ankati chimenecho n'chiwerengero cha magemu amene anali m'katimo, ndipo iwo ndi akazi awo anadutsa mazana angapo osaona awiri ofanana. Ankati disiki ya lero ili ndi gemu imodzi yokha, mtengo wake wa mbuzi.

Ndinaona chinthu chimodzi. Chaka chilichonse akasinja aja ankakula. Poyamba anali akasinja basi. Kenako ankatulutsa utsi. Kenako panali mitsinje ya madzi onyezimira ndi nkhalango zobisalamo. Pomaliza mfuti ikalira benchi linkanjenjemera. Ine ndinkamva phokoso lake kudzera m'matabwa zaka zonse zija. Linali ngati la nkhululu. Sindinawatsutse. Sindinkawakhulupiriranso.

Tiya anakwatiwa ndi a Kayange, mnyamata wa kuno, waulemu, wodziwa bizinesi. A Kayange anatsegula nyumba ya magemu kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi apongozi awo. Anaikamo mativi awiri akuluakulu a pulazima ndi gemu ya mpira imene osewera ake amaoneka thukuta, udzu wa m'bwalo ukuoneka umodzi umodzi. Ana onse anawoloka msewu. Kwa a Chikopa kunatsala ang'onoang'ono, amene akuluakulu ankawakankha pamzere.

Mkangano wawo unali waulemu, koma sunkatha. A Chikopa ankawoloka, n'kuima pakhomo manja kumbuyo.

"Akamwini, mpirawu akusewera ndani?"

"Ana awa, adada."

"Ayi. Ndaima pano ndaona. Uyu anasiya padi n'kumakanda mwendo, anthu ake akuthamangabe. Makina akusewera okha. Mwanayu wangobwera kudzaonerera."

"Masiku ano zili choncho, adada. Gemu imakuthandizako pang'ono."

"Ikakuthandiza ikufuna chiyani kwa iwe?"

A Kayange ankaseka n'kuwapatsa mpando. Iwo sankakhala.

Anyamata a mmenemo analibe ulemu wa a Kayange. Ankawafunsa kuti ngati zakalezo zinali zokoma choncho, bwanji osayatsa kuti aone. Iwo ankati anapsa. Anyamatawo anayamba kuwatchula Agogo Naini-naini. Wina anafalitsa kuti m'chitenje muja mulibe makina, muli njerwa. Zinafika mpaka kwa amayi ogulitsa tomato. Munthu amene zaka zonse ankaona bodza mwa aliyense, msika unayamba kumutcha wabodza. Zinkawapweteka. Ndinkamva mmene ankatsekera chitseko.

Tsopano nkhani yeniyeni. Inachitika zaka zitatu asanamwalire, nyengo ya mvula.

Kunagwa maliro ku Misuku, kuchimuna kwa alamu awo, ndipo a Chikopa ananyamuka m'mawa pa lole. Dzuwa litakwera pang'ono a Kayange anafika pa benchi langa atanyamula chitenje chija. Kiyi wa kanyumba kaja anawapatsa ndi Tiya.

"A Fundi, tithandizeni. Anyamata akuwanyoza adada m'nyumba mwanga momwe, ine ndikumva. Akayaka makinawa, aliyense atseka pakamwa. Tiya nayenso akufuna aonenso zimene amayi ake ankasewera."

"Eni ake akudziwa?"

"Abwera Lachinayi. Adzapeza akuyaka."

Ndinadziwa kuti ndi mlandu. Pamutu pa sikuluwu iliyonse panali dontho lofiira. Ukangozungulitsa, dontho lasweka. Ndinazungulitsabe. Inenso ndinkafuna kudziwa.

Chinthu chopsa ndi magetsi chimanunkha ngakhale patapita zaka. Chimada, china chimatupa. M'makina muja munalibe fungo, munalibe chakuda. Munali mwaukhondo kuposa m'wailesi yatsopano. Panali waya mmodzi wofiira, wochokera polowera magetsi. Anali wodulidwa ndi lezala, mowongoka. Nsonga zake ziwiri anazipinda kuti zitalikirane, iliyonse n'kuikulunga ndi tepi payokha. Khoswe sadula choncho. Magetsi sakulunga tepi. Anadula ndi munthu amene ankafuna kuti makinawo asayake, komanso kuti asawonongeke.

Ndinaphimba ndi chitenje. Ndinauza a Kayange kuti abwere mawa.

A Chikopa sanafike ku Misuku. Lole inalephera kukwera phiri chifukwa cha matope, inabwerera. Cha m'ma thuu ndinamva loko akutsegulidwa kuseri kwa matabwa. Kenako anatulukira pa benchi langa, matope mpaka m'mawondo. Sanapereke moni. Anavundukula chitenje, anayang'ana masikuluwu ali m'chivindikiro cha botolo, anayang'ana waya.

"Mwachotsamo chiyani?"

"Werengani madontho anu."

Anawerenga. Anatenga nthawi. Onse analipo.

"Wabweretsa ndani?"

"Akamwini anu. Akufuna anthu asiye kukunenani."

"Mwawauza?"

"Sindinawauze. Magetsi a ku Ntcheu amadula ndi lezala, a Chikopa?"

Anaima pamenepo, mvula ikudontha kuchokera pa lata kugwera paphewa pawo. Kenako anati, "Lumikizani."

Inali ntchito ya mphindi ziwiri. Tinalowa m'kanyumba kawo, anatulutsa tivi yakale ija ya chimimba kumbuyo, chitseko anachitseka theka. Kaseti anaiuzira katatu, kuigogoda pabondo, n'kuilowetsa. Inayaka ulendo woyamba womwewo.

Panabwera mndandanda wa manambala. Padi inali m'manja mwanga, ndiye ndinatsitsa. Woyamba, akasinja. Wachiwiri, kamunthu kodumpha. Kenako timagalimoto, timbalame, ndi ena awiri. Wachisanu ndi chiwiri, akasinja omwe aja, koma obiriwira. Ndinatsitsabe mpaka kupitirira zana. Anali magemu asanu ndi imodzi, akungobwerezedwa, kusintha mtundu basi. Ndinawayang'ana.

"Ndikudziwa," anatero. "Bwererani pa wani."

Akasinjawo anali timabokosi, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Utsi panalibe. Mtsinje unali kachidutswa ka buluu kosayenda. Mfuti inkalira ngati nkhululu, monga ndinkakumbukira. Benchi silinanjenjemere.

Anandipatsa padi yachiwiri, ya make Tiya. Batani lake limodzi linali lodyeka, lolowa m'kati ngati supuni. Chala changa sichinkakwanamo.

"Inu mulondere nyumba. Musachoke pamenepo."

Anathamangira kutsogolo monga kale. Zala zawo zinali zitauma, ankagunda makoma. Ine ndinali ndisanagwirepo padi moyo wanga wonse. Mdani atatsika kumanzere ndinatembenuka molakwika n'kudina. Ndinaphwanya kanyumba kathu komwe. Gemu inatha.

"Mwawombera nyumba yathu, Fundi."

"Ndinakuuzani kuti ndine wa mawailesi."

Tinayambiranso katatu. Ulendo wotalika kwambiri sunakwane mphindi zisanu. Pomaliza anaika padi pabenchi.

"Tivi iyi yatha mphamvu," anatero. "Kale inkaonetsa bwino."

"Tivi ili bwino."

"Kapena kasetiyi wina anandisinthira."

"Ili ndi dontho lanu."

Anaitembenuza, anaona dontholo. Kenako analankhula akuyang'ana tivi, osati ine. Anati mayi atapita, tsiku lina masana ana ali kusukulu, anayatsa okha. Anapita kutsogolo monga mwa masiku onse. Asanaphe ngakhale adani atatu, nyumba inali itaphwanyidwa. Anayesa kutsala kulondera, koma kulondera sankakudziwa. Anayesa sabata yathunthu. Tsiku lililonse gemuyo inkaoneka yaing'ono kuposa dzulo lake. Anaopa kuti akapitiriza, zaka zonse zija zidzachepanso chimodzimodzi. Anatenga lezala.

Ndiwo mawu ochuluka koposa amene ndinawamva akulankhula osanenamo munthu kuti ndi wakuba.

Ndinati, "Akayaka, anthu adziwa kuti si njerwa."

"Adziwa. Kenako anyamata aja adzaza muno, aona timabokositi, aseka. Aseka zimene make Tiya ankakhalira pa benchi ili. Tiya naye aona, aganiza kuti amayi ake ankasangalala ndi zachibwana."

"Ndiye azikutchulanibe wabodza."

"Azinditchula. Dulaninso."

Ndinadula pomwe ndinalumikiza. Tepi anakulunga okha. Masikuluwu nditamanga, anatulutsa kabotolo ka kyutekisi m'thumba la jekete. Kanali katatsala pang'ono, kolimba, anachita kudontheza sipiriti kuti kasungunuke. Anadontheza pa sikuluwu iliyonse.

"Musawauze ndili moyo."

"Nanga mukafa?"

"Ndikafa muzidzanama mmene mungafunire. Ndimakudziwani mafundi."

M'mawa mwake a Kayange anabwera. Ndinawauza kuti makina anapsa mpaka mtima wake, palibe chokonza, ndipo eni ake atenga. Anandiyang'ana ngati sakukhulupirira. Anafunsa ngati sangawatengere kwa fundi wa ku Karonga. Ndinati akafunse apongozi awo. Sanafunse. Pambuyo pake ndinamva kuti ankauza anthu kuti Simwaka wakalamba, zamakono ndi zakale zomwe zikumukanika. Ena amene ankandibweretsera mawailesi anayamba kupita kwina.

Ndinkaganiza kuti zikatero a Chikopa asiya kulalikira. Sanasiye. Sabata yomweyo ndinawamva kutsidya kwa msewu akuuza anyamata kuti akasinja akale ankasiya mikwingwirima ya matayala m'matope. Pobwerera anadutsa pa benchi langa osandiyang'ana. Dzina la Agogo Naini-naini anafa nalo.

Kumanda ku Misuku, anthu akubalalika, Tiya anandipeza pansi pa mtengo wa khofi.

"A Fundi, inu munali pafupi. Magemu aja analidi okoma ngati mmene adada ankanenera? Ine ndimangokumbukira amama akuseka."

Ndinati anali okoma. Sindinawonjezere.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti chaka chimenechi, ndikakumbukira masana aja, akasinja aja ayamba kuoneka bwino m'mutu mwanga. Mwezi wathawu ndinadzipeza ndikuuza mnyamata wina wodzatenga chaja kuti magemu a kale anali ovuta, a amuna. Ine amene ndinasewera kanayi, n'kuwombera nyumba yanga yomwe. Sindikudzikhulupirira. N'chifukwa chake ndalemba tsopano, ndisanayambe kuona utsi.

A Tiya, mukawerenga izi: bambo anu sananame kuti makina alipo. Ananama kuti anapsa. Inenso ndinanama, a Kayange andikhululukire. Waya wake ndi wofiira, ali kumanja mukatsegula. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Mukafuna ndilumikiza. Mukapanda kufuna sindidzafunsa.

Kanyumba kaja sikanapeze wobwereka. Loko ndi yemwe uja, dontho lili pansi pake, ndinayang'ana. Thabwa limodzi la khoma lathu linafutuka ndi mvula, ndiye ndikaweramira kumanzere ndimaona m'kati. Benchi la ana lili pomwe lija. Tivi ya chimimba aifunditsa thumba la feteleza. Chiguduli cha adaputa chinauma, chili pa msomali. Pa shelefu ya pamwamba pali chitenje chija, fumbi la Chitipa lachikuta mpaka maluwa ake sakuonekanso. Waya wa padi imodzi unatuluka m'chitenjemo, ukulendewera. Kuchokera pomwe ndimakhala sindingathe kuona kuti ndi ya ndani.

Cha m'ma leveni msika umazizira monga kale. Kutsidya kwa msewu kumamveka anthu a m'pulazima akukuwira chigoli. Kuseri kwa matabwa kulibe wotsokomola.